Mafunso ndi Mayankho: Kusankha Pulogalamu Yopangira Masamba a pa Intaneti

Anthu amene apatsidwa ntchito yopangira sukulu, mpingo, bungwe kapena bizinesi yaing'ono tsamba la pa intaneti amakonda kuyamba ndi funso lakuti agwiritse ntchito pulogalamu iti. Ena amawalangiza kuti atenge pulogalamu yongokoka zithunzi ndi mawu n'kuziika pamene akufuna, pomwe ena amawauza kuti wopanga masamba weniweni amalemba ndi manja ake code yonse, kutanthauza malangizo amene kompyuta imawerenga. Mayankho ali m'munsimu akuchokera pa zimene ndaona pomanga ndi kukonza masamba otere, ndipo pamene ndili ndi mbali ndanena poyera.

Kodi njira ziwirizi zimasiyana pati kwenikweni?

Tsamba lililonse limene mumatsegula pa foni kapena pa kompyuta limafika kwa inu ngati mafayilo a mawu. Fayilo ya HTML imanena zimene zili pa tsambalo, monga mutu, ndime, chithunzi ndi linki. Fayilo ya CSS imanena maonekedwe ake, monga mtundu, kukula kwa zilembo ndi malo amene chinthu chilichonse chikhale. JavaScript ndiyo imachititsa kuti tsamba lichite kanthu munthu akadina batani. Browser, kaya ndi Chrome, Firefox, Safari kapena Opera, imawerenga mafayilowa n'kujambula tsambalo pa sikirini. Zakhala choncho kuyambira pamene Tim Berners-Lee anaika tsamba loyamba ku CERN, pafupi ndi Geneva, mu 1991. JavaScript inabwera mu 1995 ndipo CSS inakhazikitsidwa mu 1996.

Choncho njira zonse ziwiri zimathera pa mafayilo amtundu womwewo, ndipo kusiyana kwake kuli pa amene akuwalemba. Mukamalemba pamanja, mumatsegula pulogalamu yolembera mawu n'kulemba nokha mzere uliwonse. Mukamagwiritsa ntchito pulogalamu yoonetsa tsamba pamene mukulipanga, inu mumasuntha zinthu ndi mausi, ndipo pulogalamuyo imalemba code kuseri m'malo mwanu. Mapulogalamu amtundu wachiwiriwu amatchedwa WYSIWYG, chomwe ndi chidule cha mawu a Chingelezi otanthauza kuti chimene mukuona ndicho mudzapeze. Lonjezo limeneli limakwaniritsidwa pang'ono chabe, chifukwa chimene mukuona pa laputopu yanu sichimene adzaone munthu amene ali ndi kafoni kakang'ono kumudzi.

Ndinamva za FrontPage ndi Dreamweaver. Kodi zikugwirabe ntchito?

FrontPage inapangidwa ndi kampani ya Vermeer Technologies, ndipo Microsoft inagula kampaniyo mu 1996. Kwa zaka zingapo inali pulogalamu imene anthu ambiri anaphunzirirapo kupanga masamba, popeza inkaoneka ngati Word ndipo inkapezeka pa makompyuta a m'maofesi. Mtundu wake womaliza unali wa 2003. Inalowedwa m'malo ndi Expression Web, imenenso Microsoft inasiya kuipititsa patsogolo mu 2012. Ngati wina akupatsani FrontPage pa fulashi lero, musaigwiritse ntchito, chifukwa code imene imalemba ndi yachikale kwambiri ndipo sidziwa chilichonse za mafoni amakono.

Dreamweaver inatuluka mu 1997 kuchokera ku Macromedia, ndipo inakhala ya Adobe pamene Adobe inagula Macromedia mu 2005. Ubwino wake waukulu unali wakuti munkatha kugawa sikirini pawiri, mbali ina tsamba mbali ina code, kotero kuti munthu ankaona zimene pulogalamu yalemba nthawi iliyonse akasuntha kanthu. Ambiri amene lero amalemba pamanja anaphunzira HTML mwa njira imeneyi. Ikadalipo, koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo sikusinthidwa kwambiri monga kale.

Panalinso ena. Adobe inali ndi GoLive ndiponso Muse, ndipo zonse ziwiri inazisiya. Apple inali ndi iWeb, nayonso inatha. Mapulogalamu aulere monga Nvu ndi KompoZer analeka kukonzedwa kalekale. Mndandanda umenewu uli ndi phunziro limene liyenera kulowa m'chisankho chanu: mapulogalamu opangira masamba amabwera n'kupita, pamene fayilo ya HTML yolembedwa bwino zaka makumi awiri zapitazo imatsegukabe lero popanda vuto. Amene anamanga masamba awo ndi Flash, pulogalamu yopangira zithunzi zoyenda pa masamba, anaona zimenezi momvetsa chisoni pamene Adobe inasiya Flash Player kumapeto kwa 2020, ma browser n'kuleka kuonetsa masamba otere.

N'chifukwa chiyani odziwa ntchitoyi amadandaula ndi code yolembedwa ndi mapulogalamu, pamene tsambalo likuoneka bwinobwino?

Pulogalamu sidziwa tanthauzo la zimene mukulemba, imangodziwa maonekedwe. Mukafuna mutu wa nkhani n'kungokulitsa zilembo ndi kuzidetsa, maso a munthu aona mutu, koma mu code mudzakhala ndime wamba yokhala ndi zilembo zazikulu. Google ikamawerenga tsambalo siizindikira kuti pamenepo pali mutu, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona, monga NVDA, siitha kumuuza munthuyo kuti nkhani yatsopano yayambira pati. Wolemba pamanja akanaika tag ya h1 kapena h2, chomwe ndi chizindikiro cha mu HTML chonena kuti mawuwo ndi mutu, ndipo onse akanamvetsa.

Vuto lachiwiri ndi kuchuluka kwa code yopanda ntchito. Nthawi ina ndinapemphedwa kukonza tsamba la sukulu ina limene linali ndi ndandanda ya fizi ndi masiku otsegulira. Amene analipanga analemba zonse mu Word n'kusunga fayiloyo ngati tsamba la pa intaneti. Pa sikirini panali mizere yosapitirira makumi atatu, koma nditatsegula code ndinapeza mizere mazanamazana ya malangizo a Word okhaokha, ambiri oyamba ndi zilembo za mso, ndipo kuti ndipeze pamene panali mtengo wa fizi ya Fomu 1 ndinachita kufufuza ndi Ctrl ndi F. Ndinaona kuti kulembanso tsamba lonse kuyambira pachiyambi kunali kwachangu kusiyana ndi kuyeretsa zimene zinalipo.

Code yochuluka imatanthauzanso tsamba lolemera, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife. Owerenga ambiri kuno amatsegula intaneti pa foni ndi bandulo imene agula ndi ndalama zowerengeka, nthawi zina pamalo pamene netiweki ikuvuta. Tsamba limene likukoka mafayilo ambirimbiri a JavaScript ndi zithunzi zikuluzikulu kuti lingoonetsa nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira likudya bandulo ya munthu pachabe, ndipo kawirikawiri munthuyo amalitseka lisanamalize n'kutseguka komwe. Ine ndimaona kuti kupeputsa tsamba ndi ulemu kwa wowerenga.

Tinene chilungamo kuti mapulogalamu amasiku ano amalemba code yabwinopo kusiyana ndi akale aja, amene ankayala tsamba lonse m'matebulo olowetsana m'matebulo ena. Webflow, mwachitsanzo, imatsatira kwambiri mmene HTML ndi CSS zimagwirira ntchito. Koma chifukwa cha chimenecho, munthu wosadziwa CSS amavutika nayo.

Kodi kulemba pamanja n'kovuta? Ndingayambire pati?

HTML si yovuta, ndipo munthu wodziwa kulemba pa kompyuta angapange tsamba lake loyamba tsiku lomwelo. Tsegulani Notepad, lembani mutu pakati pa tag yotsegula ya h1 ndi yotseka (<h1> ndi </h1>), lembani ndime pakati pa ma tag a p, kenako sungani fayiloyo ndi dzina lakuti index.html. Chenjerani kuti Notepad isawonjezere txt kumapeto kwa dzinalo, chifukwa ambiri amakhumudwira pamenepa n'kumaganiza kuti alakwitsa code. Mukadina kawiri pa fayiloyo, itseguka mu browser ngati tsamba. Mukasintha mawu, kusunga ndi kudina F5, muona kusinthako nthawi yomweyo. Zonsezi sizifuna intaneti, choncho mungaphunzire ngakhale bandulo itatha.

Ma tag amene amagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku ndi ochepa, mwina makumi awiri kapena atatu. CSS ndiyo imatenga nthawi, makamaka kuyala zinthu pa tsamba, ngakhale kuti njira za CSS zotchedwa Flexbox ndi Grid zapeputsa kwambiri ntchito imene kale inkasautsa. JavaScript ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko mwayamba kulemba mapulogalamu enieni, ndipo tsamba longopereka uthenga likhoza kukhala bwinobwino popanda iyo.

Notepad ndi yoyambira chabe. Pa ntchito yeniyeni mufunika pulogalamu imene imapaka ma tag mitundu, kutseka yokha tag imene mwatsegula ndi kukuonetsani pamene mwalakwitsa. Visual Studio Code, imene Microsoft inatulutsa mu 2015, ndi yaulere ndipo ndiyo anthu ambiri akugwiritsa ntchito pa Windows, macOS ndi Linux. Ngati kompyuta yanu ndi yakale ndipo ili ndi RAM yochepa, Notepad++ ndi yopepuka kwambiri ndipo nayonso ndi yaulere, koma ndi ya pa Windows. Sublime Text ndi yachangu ndipo mungaiyese musanalipire. Atom inali yotchuka, koma GitHub inaisiya mu 2022. Pophunzira, MDN Web Docs ya Mozilla ndiyo ndimaidalira pofuna kudziwa zoona zake za tag iliyonse, pomwe freeCodeCamp ndi W3Schools zimathandiza woyamba kumene.

Nanga WordPress ndi Wix zili mbali iti?

Izi ndizo zalowa m'malo mwa FrontPage m'moyo wa anthu ambiri, koma ziwirizi si zofanana ngakhale pang'ono. Wix, imene inayamba mu 2006, ndiponso Squarespace, zimakupatsani zonse pamodzi: popangira tsamba, malo olisungira ndi maonekedwe okonzeratu. Mumagwira ntchito mu browser, simuona fayilo iliyonse, ndipo tsambalo limakhala pa makompyuta a kampaniyo.

WordPress inayambitsidwa mu 2003 ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little. Ndi pulogalamu yaulere imene mungaike pa hosting (malo osungira tsamba pa intaneti) iliyonse yokhala ndi mapulogalamu a PHP ndi MySQL, ndipo lero masamba oposa 40 pa 100 alionse a pa intaneti amayendera iyo. Nkhani zanu zimasungidwa mu database, maonekedwe amachokera mu theme, ndipo ntchito zoonjezera zimabwera ndi ma plugin. Kuyambira mu 2018 ili ndi cholembera cha mabuloko chotchedwa Gutenberg, ndipo ambiri amawonjezerapo Elementor kuti azikoka ndi kuika zinthu momwe akufunira. Wodziwa code angathenso kutsegula theme n'kusintha chilichonse. Choncho WordPress yaima pakati pa njira ziwirizi. Mtengo wake ndi chisamaliro: iyenera kusinthidwa kawirikawiri pamodzi ndi ma plugin ake, chifukwa plugin yakale yosasinthidwa ndiyo khomo limene akuba a pa intaneti amakonda kulowera. Pewaninso ma theme ndi ma plugin olipira amene anthu amagawana mwaulere, popeza ambiri amakhala atabisidwamo code yoipa.

Tsono ineyo ndisankhe chiyani?

Musanafunse za pulogalamu, funsani kuti ndani adzasinthe tsambalo inu mukadzachoka. Funso limeneli ndilo limaiwalika, ndipo ndilo lapha masamba ambiri amene ndawaona. Mnyamata wodziwa makompyuta amapangira mpingo tsamba lokongola lolembedwa pamanja, kenako amapita kusukulu kapena kukagwira ntchito kutali, ndipo alembi a mpingo, amene amadziwa Word ndi WhatsApp basi, sangathe ngakhale kusintha tsiku la msonkhano. Pakatha zaka zitatu tsambalo limakhala likulengezabe chochitika chimene chinadutsa kalekale.

Ngati nkhani zizisintha sabata ndi sabata, ndipo ozisintha ndi anthu osadziwa code, sankhani WordPress kapena pulogalamu ina yotere, ndipo khalani nawo pansi muwaphunzitse kulemba nkhani, kuchepetsa chithunzi ndi kuchiika. Lembani ndondomekoyo papepala limodzi lisungidwe mu ofesi. Ngati tsambalo ndi la masamba anayi kapena asanu amene sasinthasintha, monga mbiri ya bizinesi, katundu kapena ntchito zimene mumagwira, mapu ndi nambala ya foni, kulemba pamanja n'kwabwino koposa. Tsamba lotere ndi lopepuka, lilibe database yoti ibedwe, silifuna kusinthidwa mwezi uliwonse, ndipo lingakhale mwaulere pa GitHub Pages kapena Netlify. Ngati mukufuna sitolo yolandira ndalama pa intaneti, musayambe nokha kulemba zonse ngati simunagwirepo ntchito yotere, chifukwa kulakwitsa pa ndalama za anthu n'koopsa. Gwiritsani ntchito zimene ambiri anayesa kale, monga WooCommerce, plugin ya sitolo ya pa WordPress, ndipo fufuzani kaye ngati njira yolipirira imene makasitomala anu ali nayo ingalumikizidwe.

Kaya musankhe iti, ndikulimbikitsa kuti mupatule sabata imodzi kapena ziwiri kuphunzira HTML ndi CSS. Tsiku lidzafika pamene chithunzi chidzakana kukhala pamene mukufuna, kapena mpata waukulu udzaoneka pansi pa mutu popanda chifukwa chodziwika, ndipo pulogalamu yokoka ndi kuika sidzakuuzani chimene chavuta. Wodziwa kudina F12 n'kuona code ya pamalopo amathetsa vutolo m'mphindi zochepa, pamene wosadziwa amataya tsiku lonse kapena kulipira wina.

Pa ndalama, ndi njira iti yotsika mtengo?

Mapulogalamu olembera pamanja ndi aulere, ndipo WordPress nayonso ndi yaulere, koma mudzalipira hosting ndi dzina la tsamba, kaya lothera ndi .mw, .com kapena .org, chaka chilichonse. Wix ili ndi gawo laulere, koma limaika malonda ake pa tsamba lanu ndipo dzina la Wix limakhala mu adiresi. Kuti zimenezi zichoke muyenera kulipira. Mitengo ya makampani akunjawa imakhala mu ndalama zakunja ndipo amafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja, zimene si aliyense ali nazo. Kwacha ikatsika mphamvu, mtengo umene munagwirizana mu komiti chaka chatha umakhala utakwera ngakhale kampaniyo isanasinthe kalikonse. Powerengera musaone mwezi woyamba wokha, umene nthawi zambiri amautsitsa kuti akukopeni, koma muwerengere zaka zitatu.

Kodi pali chapadera choyenera kusamala polemba tsamba m'Chichewa?

Zilipo zitatu. Choyamba ndi chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu monga Malaŵi. Fayilo yanu isungidwe mu UTF-8, ndipo pamwamba pa tsamba pakhale tag ya meta yonena kuti charset ndi UTF-8. Mukapanda kutero, browser ingawerenge fayiloyo molakwika, ndipo pamene munalemba Malaŵi padzaoneka MalaÅµi. Onaninso ngati font imene mwasankha ili ndi chilembochi, chifukwa ngati ilibe, browser imabwereka ŵ ku font ina ndipo chilembocho chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake.

Chachiwiri ndi kunena chilankhulo cha tsamba. Mu tag ya html ikani lang ndi zilembo za ny, zimene zimaimira Chichewa kapena Chinyanja. Ma template, kutanthauza masamba okonzeratu, ambiri amabwera atalembedwa en, ndipo mukazisiya choncho mukuuza browser ndi Google kuti tsamba lanu ndi la Chingelezi. Mu mapulogalamu okoka ndi kuika, malo osinthira zimenezi amakhala obisika, ndipo ena alibe Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo zawo.

Chachitatu ndi kachizindikiro kamene kali m'mawu monga ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa. Mu HTML sikavuta, koma mu JavaScript ndi PHP kachizindikiro komweko kamagwiritsidwa ntchito potsegula ndi kutseka mawu. Mukalemba uthenga wa Chichewa pakati pa tizizindikiro totere, code imaganiza kuti mawu athera pa ng, ndipo batani lonse limaleka kugwira ntchito. Zungulizani mawuwo ndi tizizindikiro tiwiritiwiri (" "), kapena ikani backslash (\) patsogolo pa kachizindikiroko.

Ndikadzasintha maganizo, kodi ndingasamutse tsamba langa?

Lolembedwa pamanja limasamuka mosavuta, popeza ndi foda imodzi imene mungaikope ndi pulogalamu yosamutsira mafayilo ya FileZilla n'kuiika pa hosting ina. La WordPress limasamukanso ngati mwatenga mafayilo ndi database yomwe. La pa Wix silingachotsedwe kuti likakhale kwina, ndiye mukafuna kuchoka mudzalimanganso. Squarespace imalola kutulutsa zina mwa nkhani zanu koma osati maonekedwe, ndipo Webflow imalola olipira kutenga code.

Pali china chofunika kuposa pulogalamu. Dzina la tsamba ndi hosting zilembetsedwe m'dzina la bungwe kapena la mwini bizinesi, ndi imelo imene bungwelo likuisunga, osati ya munthu amene mwamulemba ntchito yomanga. Ndaonapo bungwe likutaya dzina la tsamba limene linali litasindikizidwa kale pa zikwangwani ndi pa makalata, chifukwa uthenga wokumbutsa kulipira unkapita kwa munthu amene anasiya ntchito.

Kodi ChatGPT ndi zinzake sizinathetse kufunika kophunzira code?

Zimalembadi HTML ndi CSS mwachangu, ndipo zingakupatseni poyambira pabwino. Koma nazonso ndi wina wolemba code m'malo mwanu, ndipo nthawi zina zimalakwitsa molimba mtima. Amene amatha kuwerenga zimene zalembedwa amapindula nazo kwambiri, pomwe amene sangathe amangoika pa tsamba lake zinthu zimene sangazikonze zikavuta.

Ndisanaike tsamba pa intaneti, ndiliyese bwanji?

Choyamba liyeseni pa foni, osati pa kompyuta imene mwapangirapo. Bwerekani foni yotsika mtengo ya Android, zimitsani Wi-Fi, litseguleni ndi data wamba, ndipo muone ngati mawu akuwerengeka popanda kukulitsa ndi zala komanso ngati mabatani akudinika ndi chala chachikulu. Ngati tsamba likuoneka laling'ono kwambiri ngati la pa kompyuta lofinyidwa, ndiye kuti mwaiwala tag ya meta ya viewport, imene imauza foni kuti tsamba lilingane ndi sikirini yake. Mu Chrome kapena Firefox dinani F12, pitani pa Network n'kutsegulanso tsambalo, ndipo pansi muona kulemera kwake konse; kawirikawiri cholemetsa ndi chithunzi chimene chaikidwa momwe chinachokera mu kamera, ndipo kuchichepetsa kukula ndi kuchisunga ngati JPEG kapena WebP kumachotsa mbali yaikulu ya katunduyo. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu a alt ofotokoza zimene zili pamenepo, kuti wosaona amve ndiponso kuti netiweki ikakana kubweretsa chithunzicho pakhale mawu. Dutsitsani tsambalo pa validator ya W3C, chida cha pa intaneti choyezera code, kuti ikuonetseni ma tag osatsekedwa, dinani linki iliyonse, ndipo tumizani uthenga woyesera pa fomu ya mauthenga kuti mutsimikize kuti ukufika ku imelo imene wina amaitsegula tsiku ndi tsiku. Kenako kopani foda yonse, pamodzi ndi database ngati ilipo, muisunge pa fulashi ndi pamalo ena achiwiri, ndipo mulembe tsiku pa dzina la fodayo.